Vaneti Yakwera, Mseu Ukali Pansi: Nkhani ya Ma Shock mu Kafue

Ngati mumakwera basi ya Kafue–Lusaka m'mawa uliwonse, munamuonapo kale. Mukangodutsa pa toll gate ya Shimabala, kumbuyo kumamveka hutala, kenako vaneti yoyera imakupitirirani ili m'mwamba ngati ikuyenda monyang'ama. Pansi pake pamaoneka tizitsulo tonyezimira, tina tachikasu, tina tabuluu. Kondakitala amasiya kuwerenga chenji, n'kutulutsa mutu pawindo, ati, "Iyi ndiye motoka, osati vikopo tiyendamo ise." Basi yonse imaseka. Koma yang'anani anyamata akhala kumpando wakumbuyo. Iwo sakuseka, akuwerengera mumtima.

Dzina lake sitilitchula, monga mwa mwambo wa danga lino. Tizingomuti Bosi wa Hilux. Amakhala ku Estates, zaka zake sizinafike 35, ndipo motoka imeneyi ndiyo ofesi yake, munda wake ndi suti yake ya ku ukwati. Zimene zinamuchitikira pa mseu wa ku Chanyanya zikufotokoza bwino matenda amene agwira eni mavaneti muno mu Kafue. Aliyense afuna kukweza motoka, aliyense afuna ma shock a offroad, koma ochepa chabe ndiwo adziwa ntchito imene shock imagwira.

Musafulumire kumuseka

Choyamba tivomereze kuti mnyamatayu sanapenge. Kafue ili ndi nkhope ziwiri. Nkhope imene alendo amaona ndi tara ya T2, yochokera ku Lusaka, kudutsa Chilanga, kulowa m'tauni, kuwoloka mlatho, mpaka pa Turnpike pamene wina amakhotera ku Mazabuka, wina n'kupitirira ku Chirundu. Koma ndalama za munthu wa vaneti sizili pa tara. Zili kumene tara yathera: ku Chanyanya kwa asodzi, ku Mungu kwa alimi, ku Chiawa, ndi kumaploti atsopano kumene anthu akumanga nyumba mseu usanafike.

Masiku amene Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles zinkalemba anthu mazanamazana, mnyamata wa ku Estates ankadziwa kuti akamaliza sukulu geti ya fakitale ikumudikira. Manje Textiles inatsekedwa kalekale, ndipo Nitrogen siilemba anthu ngati kale. Mwana wa wantchito wa m'fakitale lero ndi transporter. Amanyamula simenti, mabuloko, fataleza, tomato, nsomba, olo bokosi la maliro. Akataya tsiku limodzi ku garaji, kunyumba ndiwo zimachepa.

Ndipo miseu yadothi imadya ma shock, zimenezo n'zoona. M'chilimwe mseu umapanga mizere ngati lata, motoka imanjenjemera mpaka mano kugundana. M'dzinja muli maenje obisika m'madzi. Munthu amene wasintha ma shock kawiri chaka chimodzi akamva kuti kuli ena olimba amene amapangidwira misewu ya m'tchire ku Australia, mtima umayamba kuyabwa. Ndani sangayabwe?

Loweruka la pa car wash

Koma pali chifukwa chachiwiri, ndipo imwe mukuchidziwa. Pitani pa car wash Loweruka masana, nyimbo zikulira, nyama ili pamoto. Kale mpikisano unali wa ma rim ndi ma speaker. Lero anyamata amagwada pansi kuyang'ana kuseri kwa tayala. Maina amene amatchulidwa ndi Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Tough Dog a ku Australia, Bilstein ya ku Germany, Fox ndi King a ku America. Wina amaonetsa vidiyo ya pa TikTok, Ranger Raptor ikuuluka pamchenga, ati iyi imachoka kufakitale ndi ma Fox kale. Wina amakumbutsa kuti Hilux inawina Dakar mu 2019, 2022 ndi 2023, Nasser Al-Attiyah ali pa chiwongolero. Zonse n'zoona. Chimene samanena n'chakuti Hilux ya ku Dakar ndi motoka yampikisano yomangidwa mwapadera, ili ndi gulu la amakanika oidikira madzulo aliwonse, ndipo siinayambe yanyamulapo thumba la D-Compound.

Pa car wash imeneyi ndi pamene Bosi wa Hilux anachitidwa manyazi. Mnzake wina wa Ranger yakuda, amene amagwira ntchito ku Lusaka ndipo tara imamufikitsa pakhomo, anaimika motoka pafupi ndi yake. Ranger inali yaitali kuposa Hilux ndi chikhatho chimodzi. Mtsikana wina amene anyamata onse a pamenepo amamuyang'ana anangoti, "Iyi Hilux yaoneka monga mufana wake wa Ranger." Basi. Mawu amenewo anagwira ntchito imene maenje a chaka chonse analephera kugwira.

Patapita milungu iwiri, Hilux inabwera itakwera. Ma shock a kabotolo kumbali, matayala aakulu, bull bar kutsogolo, roll bar kumbuyo. Ndalama zinachokera kuti? Zina chilimba cha amai a kunyumba, zina kaloba. Zinthu zimenezi zimagulidwa kunja, mtengo wake umatsatira dola, ndipo mukukumbukira kuti mu 2024 dola imodzi inapitirira K27. Amai a kunyumba atafunsa, yankho linali lokonzeka: "Ni investment, mami. Manje nizayamba kunyamula double."

Pa mawu akuti double m'pamene panagona vuto lonse.

Phunziro la pansi pa mtengo wa mango

Ku Zambia Compound kuli mudala wina makanika, garaji yake ndi mthunzi wa mango. Ankagwira ntchito ya fita m'fakitale masiku akale, ndipo salankhula zambiri. Bosi anapita kukamuonetsa motoka, osati kukafunsa nzeru, kungofuna kutamandidwa. Mudala anaizungulira kawiri, anagwada, anagogoda spring yakumbuyo ndi spanala, n'kufunsa, "Ma spring munachinja?" Bosi ati kutsogolo anaika ma coil atsopano, koma kumbuyo anangowonjezera ma block kuti ikwere, kaili ndalama zinathera ku ma shock. Mudala anapukuta m'manja, ati, "Mwana wanga, mwagula nsapato zodula, koma msana ukali wamene uja."

Zimene mudala ankatanthauza muzimve bwino, imwe amene mukusunga ndalama za vaneti yanu yoyamba. Chimene chimanyamula katundu ndi spring. Pa Hilux, D-Max ndi mavaneti ambiri, kutsogolo kuli ma coil, kumbuyo kuli ma leaf, zitsulo zazitali zija zosanjikizana. Shock siinyamula katundu. Ntchito yake ndi kukhazika mtima pansi spring. Tayala ikagunda bampu, spring imafinyika, kenako imafuna kudumpha, n'kudumphanso, ngati mwana pa matiresi. Mkati mwa shock muli mafuta ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono. Mafuta akamakakamizidwa kudutsa m'timabowomo, kudumpha kuja kumaphedwa, tayala imakhala yogwira pansi, ndipo chiwongolero ndi mabuleki zimamvera.

Nanga ma shock odulawo amaposa pati? Pa kutentha. Mphamvu yonse ya kudumpha imasanduka moto m'mafuta. Pa mseu wa malata pisitoni imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi imodzi, mafuta amatentha, amachita thovu, ndipo shock wamba imafooka. M'pamene mumamva kumbuyo kwa motoka kukuvina kokha pa kona. Ma shock a mtundu wa monotube ali ndi mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri, wolekanitsidwa ndi mafuta, kuti thovu lisachitike. Inde, nitrogen, dzina lomwe lija la fakitale yathu. Kabotolo kakumbali kaja kamawonjezera malo a mafuta ndi mpweya kuti shock izizizira msanga. Choncho munthu amene amayenda maola ambiri pa gravel amapindula nawo ndithu. Koma olo shock ikhale ya golide, siiwonjezera kilo imodzi pa katundu amene motoka inaloledwa kunyamula.

Kulemera kumeneko kunalembedwa pa kachitsulo kamene fakitale inamata pa motoka, ndiponso m'buku lake. Vaneti za mtundu uwu zimazungulira pa tani imodzi, ndipo ma double cab ambiri amachepera apo. M'chiwerengero chimenecho muli dalaivala, okwera, bull bar, roll bar ndi chilichonse chimene mwaikapo chokongoletsa. Ndiye kuti Bosi atawonjezera zitsulo zija, katundu amene akanatha kunyamula anachepa, sanachuluke. Chassis ndi yomweyo, axle ndi yomweyo, mabuleki ndi omwewo.

Mudala ananena zonsezi m'mawu ochepa. Bosi anaseka, ati, "Ba mudala, imwe muziba chabe ma Peugeot 504." Anamupatsa ya drink n'kunyamuka.

Mseu wa ku Chanyanya, Novembala

Novembala ndi mwezi wa ndalama kwa munthu wa vaneti. Alimi akuthamangitsa fataleza mvula isanakhazikike. Amai ogulitsa nsomba nawo akuthamanga, chifukwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Milungu yomaliza imeneyi ndiyo imabweretsa ndalama za Khirisimasi ndi za mayunifomu a Januwale.

Tsiku limenelo Bosi anapakira matumba 30 a makilo 50. Werengani nokha: makilo 1,500. Pamwamba pa matumba panakhala amai anayi ndi mabeseni awo ndi ma cooler box a ayisi, akuthamangira mabwato a m'mamawa. Motoka inanyamuka mphuno ili kumwamba, magetsi akuunika nthambi za mitengo m'malo mwa mseu.

Apa ndi pamene shock yabwino imanamiza munthu. Ndi ma shock akale, motoka ikanayamba kugunda ndi kuvina, dalaivala akanachita mantha n'kuchepetsa liwiro. Atsopanowa anameza mabampu bwinobwino, m'kabini munali bata, nyimbo zikumveka, phazi linalemera. Koma ma leaf akumbuyo anali atawongoka kale ndi kulemera, alibenso malo opindikira. Pa dzenje lina lalikulu panamveka kulira kwa chitsulo. Leaf yaikulu inathyoka, axle inasuntha, tayala inakhuza bodi, motoka inapendekera kumbali n'kukaima m'ngalande.

Mulungu anali nawo, palibe anamwalira. Koma amai amodzi anagwa kuchokera pamwamba pa matumba n'kuthyoka dzanja. Ayisi anasungunuka padzuwa. Pamene thandizo linkafika, mabwato anali atagulitsa kale nsomba kwa ena. Amai amene anavulalawo sanalire. Anangomuyang'ana Bosi, ati, "Mwana wanga, ise tinakwela chifukwa motoka yanu yaoneka yolimba. Manje ana banga bazadya ma shock?"

Funso limenelo lilibe yankho pa car wash. Motoka yaitali, yodzaza, katundu ali pamwamba, ndiyo imagubuduzika msanga kuposa yaifupi. A RTSA akhala akuchenjeza kuti motoka za katundu si zonyamulira anthu kumbuyo, ndipo akunena zoona. Koma amai aja sanakwere pa matumba chifukwa chokonda mphepo. Anakwera chifukwa pa ola limenelo, pa mseu umenewo, chimene chinalipo ndi vaneti.

Msonkho wachiwiri

Tsopano tiyeni tichoke pa Bosi pang'ono, tione chithunzi chonse. Mwini vaneti mu Zambia amalipira road tax ku RTSA, amalipira fitness, amalipira msonkho umene uli mu lita iliyonse ya dizilo, ndipo akapita ku Lusaka amasiya ina pa Shimabala. Ndalama za toll zimasonkhanitsidwa ndi NRFA kuti zikonzere miseu. Atalipira zonsezi, akakhota kusiya tara, amalipiranso kachiwiri: ma shock, ma bush, ma ball joint, matayala. Uwu ndi msonkho wopanda risiti ya boma, ndipo amaulandira ndi ogulitsa maspeya.

Ndiye fashoni ya ma shock, pansi pa kunyada konse, ndi voti. Ndi munthu akunena kuti sindikhulupirira kuti giredala ibwera chaka chino, bola ndikonze motoka yanga. Aliyense akudzigulira mseu wakewake pansi pa motoka. Amene ali ndi ndalama amauluka pamwamba pa maenje. Amene alibe, wa Corolla ya pirate, wa njinga yamoto, wa kabasi, amagwera m'maenje omwewo, amene tsopano akukula msanga chifukwa matayala aakulu akuthamangapo ndi katundu wopitirira.

Chowawa n'chakuti ndalama za miseu ya kumidzi zafika pafupi ndi ife kuposa kale. CDF inali K1.6 miliyoni pa constituency, mu 2022 inakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2024 inali K30.6 miliyoni. Makhonsolo ambiri m'dziko muno agula magiredala ndi makina ena ndi ndalama zimenezi. Ndalamazi zili ndi ntchito zambiri, sukulu, zipatala, madesiki, ma bursary, ndiye mseu umapikisana ndi zonsezi. Zimene zimalowa pa mndandanda zimayambira ku Ward Development Committee, kumene anthu amapita kukanena chimene chikuwawawa. Funsani anyamata a pa car wash kuti ndi angati anakhalapo pa msonkhano wotere. Adziwa kusiyana kwa Fox ndi King, koma dzina la khansala wawo ayi.

Amene munkayenda pa mseu wa Turnpike–Mazabuka usanakonzedwe mukukumbukira mmene unkaphwanyira motoka. Utakonzedwa, olo Vitz inayamba kufika ku Mazabuka ma shock ali bwino. Palibe shock imene inachitira anthu ambiri chifundo ngati phula limenelo.

Chikomekome cha mkuyu

Pamene pali fashoni, akuba nawo amafika. Pali mnyamata wina wa D-Max amene ankasirira Bosi koma thumba silinalole. Anapeza munthu pa Facebook wogulitsa ma shock a dzina lalikulu pa mtengo wochepa modabwitsa. Anatumiza ndalama pa foni, katundu anabwera pa basi. Atayenda mwezi umodzi, penti yachikasu inayamba kusupuka, pansi pake panaoneka yakuda. Anali ma shock akale opentedwa, omatidwa sitika. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Wogulitsa uja nambala yake siipezekanso.

Wina anasankha njira yachidule, ma spacer okha, kuti motoka ikwere basi. Anaikweza mopitirira, ndipo manje amasintha ma CV joint ngati masokosi. Makampani ambiri opanga zinthu zimenezi amakweza vaneti pafupifupi mamilimita 50, ndipo pali chifukwa. Mukapitirira pamenepo, ma CV amagwira ntchito atapindika, ma ball joint amavutika, mapaipi a mabuleki amakokeka, matayala amadyeka mbali imodzi, pokhapokha mutasinthanso zida zina zodula. Matayala aakulu nawo amamwa dizilo, ndipo amanamiza speedometer: imaonetsa liwiro lochepa kuposa limene mukuthamanga. Kamera ya pa mseu siidziwa zimenezo.

Ngati mufunabe kukweza yanu

Sitikunena kuti ma shock abwino ndi kutaya ndalama. Ngati moyo wanu uli pa gravel, angakupulumutseni. Koma yambani ndi funso limene mudala wa pa mango amafunsa aliyense: motoka imeneyi imanyamula chiyani tsiku ndi tsiku, ndipo imayenda kuti? Yankho lake ndilo limasankha spring, kenako spring imasankha shock. Ma spring olimba a katundu wolemera amagunda msana motoka ikakhala yopanda kanthu, ndiye ngati katundu wanu wamkulu ndi apongozi Lamlungu, musawagule.

Onani kaye zimene zilipo. Shock imene yanyowa mafuta m'mbali yatha. Ma bush otha amapanga phokoso limene anthu amanamizira ma shock. Sinthani awiriawiri, kumanja ndi kumanzere, osati imodzi. Mukamaliza, pitani ku wheel alignment tsiku lomwelo, ndipo magetsi akutsogolo awongoleredwe, chifukwa ife a m'basi tatopa kuthobwa m'maso pa Shimabala usiku. Gulani pamene akupatsani risiti ndi waranti. Uzani a inshuwalansi kuti motoka mwaisintha, musadikire tsiku langozi kuti adzadziwire pamenepo. Ndipo matumba 20 a makilo 50 ndi tani imodzi kale, imwe musanakhale pampando. Maulendo awiri amadya dizilo, koma ulendo umodzi wodzaza ungadye motoka yonse ndi dzanja la mai wa munthu.

Nanga imwe okwera? Mukaona vaneti yaitali, yonyezimira, musayang'ane mtundu wa shock. Yang'anani kumbuyo. Ngati yakhala pansi, mphuno ili kumwamba, dikirani ina.

Bosi wa Hilux anabwerera ku mtengo wa mango, motoka ili pa chingwe. Mudala sananene kuti ndinakuuza. Anangotumiza mwana kukatenga jeki. Ma leaf atsopano anagulidwa ndi ndalama za bull bar, imene anaigulitsa kwa mnzake wa Ranger uja. Wa kaloba akubwerabe pakhomo pa 30 paliponse. Amai a dzanja lija amawatumizira kangachepe mwezi uliwonse, ndipo amai a kunyumba ndiwo amasunga makiyi a motoka usiku.

Loweruka lapitali anaonekanso pa car wash. Mnyamata wina amene wangogula vaneti yake yoyamba anagwada pansi pa Hilux, maso ali mbee, ati, "Bosi, aya ma shock yanganyamule matumba yangati?" Bosi anakhala chete kanthawi, akuyang'ana madzi a sopo akutsikira mu ngalande. Kenako ati, "Olo imodzi, mufana. Tiye nikupeleke kuli ba mudala."